Momwe masapota angakhazikitsire bungwe lokhala ndi mawu pa umwini wa timu yawo

Matimu akuluakulu a mpira wamiyendo a mu Lilongwe ali m'manja mwa mabungwe. Silver Strikers imadalira Reserve Bank of Malawi, Blue Eagles ndi ya apolisi, Kamuzu Barracks ndi ya asilikali, pomwe Civil Service United mizu yake ili m'boma. Zimenezi zimaipatsa timu potsamira, komabe sapota amangolipira pachipata, kuchemerera mpaka mawu kusasa, n'kubwerera kunyumba osadziwa amene amagamula za tsogolo la timu yake. Bungwe la masapota lolembetsedwa mwalamulo, lomwe ku England amalitcha trust, ndi njira yoti anthu otere akhale nawo pamene nkhani za chuma ndi umwini zikukambidwa.

Poyambirira gwirizanani za cholinga, ndipo muchilembe. Bungwe limeneli lisakhale komiti ya masapota imene ntchito yake ndi kukonza maulendo ndi kuimba ng'oma, ngakhale kuti ntchito imeneyo ndi yofunika. Ngati timu yanu ndi ya bungwe la boma, kugula masheya sikungatheke msanga, choncho limbanirani mpando mu bodi ndi ufulu woona malipoti a zachuma. Ngati ndi timu ya m'dera, monga za ku Kawale, Area 25 kapena Likuni zimene zimasewera m'maligi aang'ono, masapota angathe kukhala eni ake enieni.

Kenako tsegulani kaundula wa mamembala, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu zonse. Mwini timu sangatekeseke ndi anthu ongonena kuti akuimira khamu, koma amamvetsera akaona mayina, manambala a umembala ndi umboni wakuti anthuwo amasonkha mwezi ndi mwezi. Chopereka chikhale chochepa, choti wakabaza ndi mayi wogulitsa mumsika wa Tsoka angakwanitse, ndipo aliyense akhale ndi voti imodzi posatengera kukula kwa thumba lake. Mukalola kuti wopereka zambiri akhale ndi mavoti ambiri, ndiye kuti mwangopanga mwini wina watsopano.

Malamulo oyendetsera bungwe anene momveka za zisankho, zaka zimene mtsogoleri angakhale pampando, msonkhano waukulu wapachaka ndi njira yochotsera amene wasokoneza. Muikemonso lamulo loletsa atsogoleri kulandira ndalama za pachipata kapena mphatso kuchokera kwa akuluakulu a timu, pakuti munthu amene amadyera m'mbale ya bwana sangamufunse mafunso ovuta. Mukatero pitani kwa loya akuthandizeni kusankha pakati pa kulembetsa pansi pa Trustees Incorporation Act ndi kukhala kampani yosagawana phindu motsatira Companies Act ya 2013. Zonse ziwiri zimadzera ku ofesi ya Registrar General, ndipo zimalola bungwe kukhala ndi katundu komanso kusaina mapangano m'dzina lake.

Ndalama zisadutse m'manja mwa munthu. Tsegulani akaunti kubanki yofuna anthu awiri kapena atatu kusaina, zopereka za pa Airtel Money ndi TNM Mpamba zizilowa pa nambala ya bungwe osati ya msungichuma, ndipo chaka chilichonse mabuku aziunikidwa ndi katswiri wakunja. Simungapemphe timu kuonetsa mabuku ake pamene anu ali obisika.

Pokakumana ndi eni timu, pitani ndi pempho lolembedwa komanso ndi chimene mukubweretsa, monga kugulitsa matikiti a chaka chonse, yunifomu kapena kuthandiza timu ya achinyamata. Zitsanzo zokatchula zilipo. Ku England, masapota a Northampton Town anakhazikitsa bungwe lotere mu 1992 ndipo anapeza mpando mu bodi, a Exeter City anatenga umwini wa timu yawo mu 2003, pomwe AFC Wimbledon inabadwa mu 2002 masapota atakana kutsatira timu imene inkasamukira ku Milton Keynes. Ku Germany lamulo la 50+1 limasiya mavoti ochuluka m'manja mwa mamembala, ngakhale kuti Bayer Leverkusen ndi Wolfsburg, zimene zinakulira m'makampani, zinapatulidwa. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwa ife, chifukwa ikuonetsa kuti timu ya kampani kapena ya bungwe la boma imafuna mgwirizano wakewake.

Mumgwirizanomo mulembe zinthu zimene sizingasinthidwe masapota asanavomere: dzina la timu, mitundu ya yunifomu ndi mzinda umene timu imasewerera. Onjezerani kuti bungwe lanu lizidziwitsidwa nthawi ikadalipo ngati timu ikugulitsidwa kapena ngati kukubwera munthu wofuna kuikamo ndalama, ndipo kuti lizipatsidwa mwayi woyamba wogula masheya. Masapota a Swansea City ya ku Wales anali ndi gawo loposa 20 pa 100 lililonse, koma anadandaula kuti sanafunsidwe mokwanira pamene timuyo inkagulitsidwa kwa amalonda a ku America mu 2016. Wobweretsa chuma musamuthawe, koma mufunseni ngati ndalama zakezo ndi zogulira masheya kapena ndi ngongole, popeza ngongole imatsalira timu iye akachoka. Mgwirizano ukasainidwa, tumizani kope ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, komanso ku SULOM, bungwe loyendetsa ligi yaikulu, ngati timu yanu ili mu Super League, ndipo muuwerenge wonse pamaso pa mamembala pamsonkhano wotsatira.