Kuzindikira ndi kusunga mfuti zakale za asilikali ku Tete

M'chigawo cha Tete, kuyambira ku Angónia mpaka ku Macanga ndi Chifunde, munadutsa mfuti za Apwitikizi, za Angerezi ndi za omenyera ufulu, ndipo wofuna kuzidziwa ayenera kuphunzira kuwerenga zidindo za pachitsulo, chifukwa mbiri imene wogulitsa amakamba imakula malinga ndi mtengo umene akufuna.

Musanagwire mfuti iliyonse, yambani mwafunsa ku polisi ya dziko la Mozambique (PRM) za chilolezo, pakuti ukale wa mfuti suichotsa m'manja mwa lamulo. Mfuti zolavula zipolopolo motsatizana monga AK-47 ndi G3 ndi zida zankhondo zimene munthu wamba saloledwa kusunga. Komanso mfuti yofukulidwa m'munda kapena yopezeka m'phanga si yotola: malo ena obisamo zida pa nkhondo imene inatha mu 1992 ankatcheredwa mabomba, choncho uzani amfumu ndi apolisi, ndipo musasunthe kanthu.

Mukapatsidwa mfuti yokhala ndi mapepala ake, ilozetseni kopanda anthu, tsegulani chitsulo chokankhira chipolopolo, ndipo muone ndi maso kuti mulibe kanthu. Kenako yang'anani pamene mpope ukulumikizana ndi thunthu la mfuti, muuni wa tochi ukuwomba cham'mbali kuti zilembo zofufutika zioneke.

Mfuti imene iyenera kudziwika bwino kuno ndi Mauser-Vergueiro ya 1904, yopangidwa ku Berlin ndi kampani ya DWM. Pambali pake pamalembedwa kuti "Espingarda Portugueza 6,5 Mod. 1904", ndipo pamwamba pali chisoti chaufumu ndi zilembo za Mfumu Carlos I. Chogwirira cha chitsulo chake chokankhira chipolopolo chimadutsa pampata wa thunthu n'kukagwera kutsogolo kwake, pomwe cha Mauser wamba chimagwera kumbuyo. Mfutiyi inagwira ntchito m'dziko lino pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo asilikali a ku Germany otsogoleredwa ndi von Lettow-Vorbeck analanda zambiri ku Negomano, kumpoto kwa Mozambique, mu 1917. Chosokoneza n'chakuti mu 1939 zambiri zinafupikitsidwa n'kusinthidwa kuti zizilandira chipolopolo cha mamilimita 7.92, koma pa zina mawu akale a 6,5, otanthauza chipolopolo cha mamilimita 6.5, anatsala pachitsulo, kotero wongokhulupirira chidindo chimodzi amalemba zolakwika.

Yakale kuposa imeneyi ndi Kropatschek ya 1886, yopangidwa ku Steyr m'dziko la Austria, imene imasunga zipolopolo mu kampope kena pansi pa mpope waukulu. Lee-Enfield ya .303, imene asilikali a King's African Rifles ku Nyasaland ankanyamula, imadziwika ndi kabokosi ka zipolopolo 10 kotulukira pansi, ndipo pa mtundu wa SMLE chaka ndi chisoti chaufumu zili pachitsulo cha pansi pa chogwirira. Pa Mosin-Nagant ya ku Soviet Union ya m'ma 1930 ndi 1940, muvi wa mkati mwa nyenyezi ukutanthauza fakitale ya Tula, pomwe muvi wa m'kachizindikiro ka ngodya zitatu ndi wa Izhevsk.

Mukadziwa mtundu, yerekezani manambala a pa thunthu, pa chogwirira ndi pa mtengo. Akafanana ndiye kuti zigawozo zinatulukira limodzi m'fakitale, ndipo osunga mfuti amailemekeza yotere kuposa yonyezimira yolumikizalumikiza. Apa m'pamene ambiri amawonongera chuma chawo, chifukwa amapala mtengo ndi sandipepala n'kupaka vanishi, zidindo zing'onozing'ono za pamtengo n'kupita nazo. Kuda kwa mtengo ndi timabala ta paphewa ndi umboni wa zaka zake, ndipo nsalu yofewa ndi mafuta pang'ono pachitsulo n'zokwanira.

Musayese kuomba mfuti yotere, ngakhale ndi zipolopolo zimene inabwera nazo, pokhapokha katswiri wovomerezeka ataiyeza, pakuti dzimbiri la mkati mwa mpope limatha kuuphulitsira kumaso kwa woomba. Isungeni m'kabati yokhoma, potalikirana ndi khoma lachinyezi la nyengo ya dzinja ndi chiswe, ndipo mtundu, chaka, nambala ndi zithunzi za zidindo zonse muzilembe m'kabuku kosungidwa pamodzi ndi chilolezo.