Kuyendera mudzi mvula isanayambe: mmene tingadziwire nyumba zomwe zili pa njira ya madzi ndi ya phiri

Mu Marichi 2023, namondwe Freddy atakhuthula mvula masiku angapo osakata, phiri la Soche linagumuka n'kutsikira m'nyumba za ku Chilobwe ndi ku Manja mumzinda wa Blantyre, ndipo ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unakwiririka ndi matope ndi miyala. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno. Sikunali koyamba. Mu Marichi 1991 phiri la Michesi linachita zomwezo ku Phalombe, ndipo mu Disembala 1946 Napolo anatsika phiri la Zomba. Malo amene anagumukapo amagumukanso, ndipo madzi amabwerera mmene anadutsa kale. Zizindikiro zake zimatsala panthaka, choncho anthu a m'mudzi angathe kuziwerenga okha. Chofunika n'kunyamuka ndi kuyenda, chifukwa kuunika kochitira pansi pa mtengo wa bwalo kumangobala mndandanda wa madandaulo, osati mapu othandiza.

Yendani kawiri. Ulendo woyamba ukhale mu Seputembala kapena Okutobala, udzu utapsa ndipo nthaka ikuoneka bwino. Wachiwiri ukhale m'mawa wotsatira mvula yamphamvu yoyamba, pamene madzi asonyeza okha njira zawo. Pagululo pakhale a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, ija tinkaitchula kuti VCPC, amfumu kapena nduna yawo, mlangizi wa zaulimi ndi wa zaumoyo, komanso agogo awiri kapena atatu amene anabadwira pamalopo. Musasiye amayi otola nkhuni ndi anyamata oweta ziweto: iwo ndiwo amafika kumtunda kwa phiri kumene akomiti ambiri sanapondeko. Tengani chingwe cha mamita 5, kalevulo kokoleka pachingwe, ndodo yowongoka ya mamita awiri yolembedwa mizere pa masentimita 10 alionse, zikhomo, penti, kope ndi pepala lalikulu lojambulapo mapu.

Kumbali ya phiri

Yambani ndi kuyeza kutsetsereka. Munthu mmodzi agwire chingwe panthaka kumtunda, wina aimike ndodo kumunsi n'kukweza chingwecho mpaka kalevulo kasonyeze kuti chagona bwino, chili chokungika. Werengani pamene chingwe chakhudza ndodo. Mukapeza mita imodzi, malowo ndi otsetsereka 20 peresenti. Ngati ndodo ya mamita awiri yaperewera, mwadutsa 40 peresenti, ndipo malo otere alembeni mofiira pamapu, kusonyeza kuti ndi oopsa: mukamayandikira 50 peresenti mwafika pamene nthaka yokhuta madzi imatereramo kawirikawiri. Yezani malo atatu kapena anayi pamtsetse umodzi, makamaka kuseri kwa nyumba zapamwamba kwambiri.

Koma kutsetsereka pakokha sikunena zonse. Chimene chimagwetsa phiri ndi madzi olowa m'nthaka n'kukafika pathanthwe. Pamenepo amasowa kolowera, amadzaza dothi lonse la pamwamba pake, dothilo limalemera, ndipo kugwirana kwake ndi mwala kumatha. N'chifukwa chake mvumbi wa masiku atatu kapena anayi ndi woopsa kuposa chimvula cha ola limodzi, ndipo kugumuka kumatha kuchitika mvula itayamba kale kuchepa. Fufuzani malo amene dothi ndi losaya pamwamba pa thanthwe, malo amene phiri linalowa mkati ngati mbale n'kumasonkhanitsa madzi, ndi pamene pamatuluka akasupe nthawi ya dzinja yokha.

Phiri lomwe layamba kale kuyenda limadziulula. Mitengo ndi mapolo a magetsi zimapendekera mbali imodzi. Mitengo ina imapindika patsinde n'kuwongokera kumwamba, kusonyeza kuti nthaka yakhala ikutsika pang'onopang'ono kwa zaka. Kumtunda mumapeza ming'alu yopingasa phiri, yokhota ngati mwezi watsopano, nthawi zina mbali yakumunsi itatsika pang'ono. Kumunsi nthaka imatupa. M'nyumba, zitseko zomwe zinkatsekeka bwino zimayamba kukana, khonde limalekana ndi khoma, simenti ya pansi imang'ambika. Mukapeza mng'alu, khomani zikhomo ziwiri, china uku china uko, yezani mpata wake ndi tepi n'kulemba tsiku. M'dzinja muziyeza tsiku lililonse. Mpatawo ukakula ndi sentimita imodzi kapena ziwiri pa tsiku, mabanja okhala kumunsi kwake asagonemo usiku umenewo. Kutseka mng'alu ndi dothi la dongo kumathandiza kuti madzi asamalowemo, koma sikuchiritsa phiri.

Anthu ambiri amaganiza kuti chiopsezo chili pa okhala pamtsetse okha. Ayi. Matope osakanikirana ndi miyala amatsata makwawa, ndipo akafika patsinde amamwazika n'kuyenda mtunda wautali pamalo ooneka ngati osalala. Imani pakamwa pa khwawa lililonse n'kuyang'ana m'minda. Mukaona zimiyala zazikulu zobulungira zili mbwee kutali ndi thanthwe, zina zokwiririka theka, dziwani kuti sizinamere pamenepo: zinabwera ndi madzi, ndipo pamene pali mwala womaliza ndi pomwe panafika ngozi yakale. Nyumba zonse za pakati pa mwala umenewo ndi khwawa zilowe m'chigawo chofiira, ngakhale eni ake atanena kuti akhalapo zaka 30 osaona kanthu.

Zina timazichita tokha ndi manja athu. Kusema phiri kuti papezeke poika nyumba kumasiya chiphompho choima chilili kuseri kwa khoma, ndipo dothi lokumbidwalo limatayidwa kutsogolo n'kumangidwapo khonde kapena chimbudzi. Mbali ziwiri zonsezo n'zofooka. Lembani nyumba iliyonse imene chiphompho chake ndi chachitali kuposa munthu, kapena imene mpata wa pakati pa khoma ndi chiphompho ndi wochepa kuposa kutalika kwa chiphomphocho. Onaninso kumene kumapita madzi a padenga, a pabafa ndi a mumsewu. Ngalande yothera pamwamba pa nyumba ya mnzako ndi ngozi. Kuswa miyala ndi kukumba dothi la njerwa patsinde pa phiri kumachotsa chogwiriziza cha nthaka ya pamwamba.

Pano pali mfundo imene alimi ayenera kuimvetsa bwino, chifukwa imaoneka ngati ikutsutsana ndi zomwe timaphunzitsa. Maswale (ngalande zosunga madzi zopingasa mtsetse), ngonyeka ndi maenje okololera madzi ndi zabwino m'minda yosatsetsereka kwambiri, popeza zimalowetsa madzi m'nthaka. Pamtsetse waukulu womwe uli pamwamba pa nyumba za anthu, kulowetsa madzi m'nthaka ndiko kuitana kugumuka. Pamenepo pafunika ngalande yowaka ndi miyala yopatutsira madzi kumtsinje, mizere ya vetiva, ndi mitengo ya mizu yozama. Nthochi sizithandiza: mizu yake ndi yosaya ndipo zimasunga chinyontho. Ndiponso mbande zobzalidwa chaka chino sizingagwire phiri chaka chino. Pamene pali kale ming'alu, yankho n'kusamuka.

Kumbali ya mtsinje

Madzi osefukira amasiya mbiri yawo poyera. Funsani agogo kuti madzi a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu 2019, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy analekeza pati, koma asangonena pakamwa. Akusonyezeni pamtengo, pakhoma la tchalitchi kapena la sukulu. Tsimikizani ndi zinyalala zokodwa m'nthambi, mzere wa matope pakhoma ndi mchenga wotayidwa m'minda. Pakani penti pa msinkhu uliwonse n'kulembapo chaka. Msinkhu wapamwamba kwambiri ndiwo muziwerengera, kenaka onjezani theka la mita, chifukwa mitsinje yathu yambiri yadzaza mchenga ndipo sikusunganso madzi monga kale.

Yendani m'mbali mwa mtsinje kuyang'ana pamene ungatulukire: pokhota pakunja pomwe gombe likudyeka, panjira yakale ya mtsinje imene tsopano ndi dimba, podutsira ng'ombe pa dayiki (chimtumbira chotchinga madzi), ndi pa mlatho kapena kalavati yotsekeka. M'matauni, ku Mtandire m'mbali mwa Lingadzi ku Lilongwe kapena m'mbali mwa Mudi ku Blantyre, mapulasitiki ndi zinyalala zimatseka njira ya madzi msanga. Kalavati yodzaza theka ndi mchenga yataya kale mphamvu yake yaikulu, ndipo kuifukula ndi ntchito ya tsiku limodzi ya anthu khumi okhala ndi mafosholo.

A kuchigwa cha Shire asamadalire mitambo ya pamutu pawo. Ruo amanyamula madzi a ku Mulanje n'kukawathira mu Shire pa Chiromo, ndipo akabwera ndi mphamvu amatsekereza Shire kuti abwerere m'mbuyo. Mudzi wa ku Makhanga ungathe kumira kunja kuli dzuwa. Choncho komiti iliyonse ya kumunsi ikhale ndi manambala a foni a komiti ya kumtunda, ndipo ilembe m'kope kuti madzi amatenga maola angati kuchoka kumeneko kufika pamudzi. Khomani chipilala choyezera madzi pamalo ooneka muli pamtunda, chopakidwa mitundu itatu: wobiriwira pamsinkhu wa nthawi zonse, wachikasu pamene madzi ayamba kulowa m'madimba, wofiira pang'ono madzi asanafike panyumba yotsikitsitsa. Cholakwika chofala n'kuika wofiira pamwamba kwambiri, kotero kuti wezulo yochenjezera anthu imalira madzi ali kale pakhomo. Mpata wa pakati pa chenjezo ndi kufika kwa madzi uyenera kuposa nthawi imene gogo woyenda ndi ndodo angatenge kukafika kumalo othawirako. Nthawiyo musaiganizire, yendani naye gogoyo n'kuona wotchi.

Mvula nayo muziyeza. Chitini chowongoka m'mbali, choikidwa pamtengo wa mita imodzi kutali ndi denga ndi mitengo, chikwanira. Madzi akuya masentimita 10 m'chitinimo ndi mvula ya mamilimita 100. Ikagwa yotere pa tsiku limodzi, kapena nthaka itakhuta kale ndipo mvula ikupitirira tsiku lachitatu, a m'chigawo chofiira asamuke kukanawala. Uthenga wa nthambi yoona za nyengo pa wailesi ndi wa DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, uziwonjezera pa zomwe mukuona, ndipo akanena kuti samukani musadikire chitini.

Mapu ndi maina

Mukabwerako jambulani mapu pansi kaye kuti aliyense akonzepo, kenaka muwakopere papepala. Ikani mitsinje, makwawa, ming'alu, milatho, mijigo, zimbudzi ndi nyumba iliyonse payokha. Nyumba ziwiri zoyandikana sizifanana chiopsezo: ya zidina yopanda maziko okwera imasungunuka kuyambira pansi madzi akaima tsiku limodzi, pamene ya njerwa zowotcha yokhala pamaziko a theka la mita ingapirire. Chitsime chimene chili pafupi ndi chimbudzi, osakwana mamita 30, kapena chili kumunsi kwake, chilembeni kuti madzi ake afunika mankhwala chigumula chikadutsa, popeza kolera amatsatira pamenepo.

Pa nyumba iliyonse yofiira lembani okhalamo, ndipo mutchule okalamba, aulumali, amayi oyembekezera, odwala ndi ana osakwana zaka zisanu. Pambali pa dzina lililonse pakhale dzina la munthu amene adzamunyamule, ndi wina wachiwiri ngati woyambayo atachokapo. Kulemba kuti "achinyamata adzathandiza" n'kusalemba kanthu.

Malo othawirako nawo ayesedwe ndi muyeso womwewo. Sukulu ingathe kukhala pakamwa pa khwawa, ndipo tchalitchi chingakhale pachitunda chomwe njira yake imawoloka mtsinje. Njira yowoloka madzi si njira: madzi othamanga akuya masentimita 15 okha angathe kugwetsa munthu wamkulu. Pothawa phiri, anthu adziwe kuthamangira cham'mbali, kuchoka mu mzere wa khwawa, osati kutsetsereka nalo, chifukwa matope amathamanga kuposa munthu. Aphunzitseninso zizindikiro za mphindi zomaliza: mkokomo wochokera kuphiri, kuthyoka kwa mitengo, mfuleni wosanduka matope okhaokha, kapena mfuleni wophwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, zomwe zikutanthauza kuti watsekeka kumtunda ndipo uphulika.

Mapuwo akoperedwe katatu: ena kwa amfumu, ena apachikidwe pasukulu, ena apite ku komiti ya dera kuti akafike kwa ofesala woona za ngozi ku khonsolo ya boma. Amfumu aziwatsegula asanagawe malo omangapo, ndipo komiti iziwakonzanso chaka chilichonse mu Okutobala, kuwonjezera nyumba zatsopano ndi makwawa amene akula.