Momwe mungatetezere makutu anu pomvera nyimbo pa mahedifoni

Khutu likaonongeka ndi phokoso silibwerera mwakale, chifukwa timaselo ta m'kati mwake timene timatithandiza kumva tikafa, thupi silipanganso tina. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu akhoza kumvera mawu ofika madesibelo 80 (madesibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 40 pa mlungu osavulaza makutu, koma pa madesibelo 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha.

Choyamba, ikani malire a voliyumu mu foni yanu. Pa iPhone lowani pa Sounds & Haptics, kenako Headphone Safety; pa Samsung mupeza Media volume limit pansi pa Volume. Mafoni ambiri a Android amachenjeza mukakweza kwambiri, ndipo chenjezolo si loti muzingolidina kuti lichoke. Voliyumu isapitirire magawo 60 pa 100 alionse.

Chachiwiri ndi kusankha mahedifoni, ndipo apa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Ndinagula otchipa kwa venda pa depoti, a m'kabokosi kolembedwa dzina la kampani yotchuka, ngakhale mtengo wake wokha unkasonyezeratu kuti anali achinyengo. Timipira take tolowetsa m'khutu tinali tating'ono moti sitinkatseka khutu, choncho m'minibasi ya m'mawa, momwe injini ikulira, kondakitala akuitanira anthu ndiponso dalaivala watsegula wailesi yake, sindinkamva kanthu. Ndinachotsa malire aja n'kukweza mpaka pamapeto, ndipo ndinkachita zimenezi tsiku ndi tsiku, popita ndi pobwera. Usiku wina nditagona ndinamva kulira m'khutu lakumanzere ngati mwalowa nkhululu, ndipo kuliraku kunatenga masiku atatu kusanaleke. Chimene sindinkachidziwa n'chakuti munthu sakweza voliyumu chifukwa nyimbo yatsika, koma chifukwa akulimbana ndi phokoso la panja, ndipo khutu limalandira zonse ziwiri pamodzi.

Choncho gulani amene amabwera ndi timipira ta misinkhu itatu, ndipo muyese tonse kufikira mutapeza timene tikutseka bwino. Ochotseratu phokoso la panja ndi abwino kwambiri koma ndi okwera mtengo, ndipo ambiri amene amagulitsidwa motchipa m'misika amangolembedwa dzinalo pa bokosi. Ngati wogulitsa akukana kuti muyesere pa foni yanu musanalipire, pitani kwina.

Kuti mudziwe ngati mwakwezetsa, funsani amene mwakhala naye pafupi ngati akumva nyimbo yanu. Akati akumva, tsitsani. Muzivula mahedifoni kwa mphindi zingapo ola lililonse, ndipo musagone nawo. Kulira kwa m'khutu kukapitirira, kapena mukayamba kupempha anthu kuti azibwereza zimene anena, kayezetseni kuchipatala. Ku Queen Elizabeth Central Hospital mu Blantyre kuli gawo loyeza makutu.