Ski-Doo yanga inakana kulira pa -35

Dzulo mmawa kuno ku Yellowknife, kumpoto kwa Canada, kunazizira mpaka madigiri -35, Ski-Doo yanga (njinga yamoto yoyenda pa chipale chofewa) kukaniratu kulira, ndikapotokola kiyi imangoti kete kete basi. Batire inali itafooka ndi kuzizira, ndinaichotsa nkuilowetsa mnyumba ifundeko kaye kenako nkuitchaja. Nditabwezera ndinalakwitsanso ndekha, choko (ija yowonjezera petulo poliza injini yozizira) ndinaisiya ikugwira ntchito nthawi yaitali mapulagi nkunyowa petulo. Ndiye ndinawamasula, kuwapukuta, nkukoka chingwe kangapo mapulagi ali panja kuti petulo atuluke, apa nkuti zala zitachita kale dzanzi. Kuyesanso, inalira ulendo wachiwiri. Sindinapupulume kunyamuka ayi, ndinaisiya ikulira mphindi 10, kenako kutukula kumbuyo kwake nkugwetsa chifukwa track (chilamba chachikulu chapansi chomwe Ski-Doo imayendera) imakhala itamatirira pansi ndi ayezi, ukakakamiza lamba wa injini amapsa. Pano batire ikumagona mnyumba.