Muli ndi ADHD? Yang'anani tsiku la ntchito musanayang'ane dzina lake

Ngati muli ndi ADHD (vuto la kagwiridwe ntchito ka ubongo lomwe limachititsa munthu kuvutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi kapena kukhazikika) ndipo mukusankha ntchito, musayambe ndi dzina la ntchitoyo. Yambani ndi kufunsa kuti tsiku lake limayenda bwanji kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

Munthu wa ADHD sikuti alibe chidwi ayi, chovuta ndi kuchiwongolera. Chinthu chikakhala chatsopano, chachangu kapena chomukoma pamtima, amamira m'menemo maola anayi osamva ngakhale njala, pomwe fomu ya masamba awiri imagona pa tebulo sabata yathunthu. Ndiye kwa masabata awiri, lembani m'kabuku nthawi iliyonse imene mwadzidzimuka kuti dzuwa lapendeka mukadali pa chinthu chimodzi. Mumachita chiyani? Munali nokha kapena ndi anthu? Manja anali otanganidwa? Kabukuko kakuuzani zoona kuposa timayeso ta pa intaneti tosankhira ntchito.

Ambiri zimawayendera pa ntchito zomwe zotsatira zake zimaoneka pompopompo: wokonza magetsi akalumikiza waya, babu limayaka. Namwino wa odwala mwadzidzidzi, mtolankhani, wophika, mphunzitsi wa ana aang'ono, onsewa lero silifanana ndi dzulo. Komabe musangotengera mndandanda wa ena, chifukwa alipo a ADHD amene mtima wawo umakhazikika akamawerengera ndalama.

Musanalipire maphunziro, pemphani kuti mutsatire munthu wa ntchitoyo kwa masiku atatu. Mumufunse mosabisa: zolembalemba zimadya maola angati, nanga amakukumbutsani ndani za tsiku lomaliza kupereka ntchito? Akayankha kuti "umadzikumbutsa wekha," konzeranitu kalendala ya pafoni yokhala ndi alamu, ndipo funsani ngati mungakhale pafupi ndi mnzanu pogwira zolembazo.