Timu yanu ikalepherana, chitani izi musanataye mtima

Ine ndine wa Maule, timu ya Bullets, ndimakhala ku Dwangwa, ndipo ndaonapo matimu akuluakulu akutuluka pa bwalo la mpira la Chitowe mitu ili pansi atafanana mphamvu ndi asilikali a Mafco. Ndiye ndimvereni, achimwene.

Wezulo yomaliza ikalira, foni ikani m'thumba kaye. Ine tsiku lina ndinalalatira mlamu wanga wa Manoma, timu ya Wanderers, pa WhatsApp, mpaka lero sanandibwerekenso njinga.

Mukafika kunyumba, tengani pepala. Kupambana ndi mapointi 3, kulepherana ndi 1, choncho mwataya 2 basi. Lembani masewero omwe atsala mwa 30 a mu ligi, mupatule apakhomo ndi akoyenda. Pointi yapakhomo imawawa, koma ya pa Chitowe, dzuwa likuswa mtengo, fungo la nzimbe lili tolo, ilandireni ndi manja awiri. Kenako funsani kuti Silver ndi Wanderers atani, muonenso amene ali ndi masewero m'manja. Zigoli muwerengenso, zimadzagwira ntchito mapointi akafanana.

Za oyimbira musayambe n'komwe, nsima ingakuzizireni.