Mmene ndinagulira nyumba ku Area 25 ziwiri zitandipulumuka

Nyumba yoyamba inandipulumuka mu Novembala 2023. Tinagwirizana mtengo pakamwa ndi eni ake ku Area 25 ku Lilongwe, ine n'kupita kubanki kukayamba za ngongole. Mapepala ali mkati, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo bambo aja anandiimbira: "Achimwene, simenti yakwera, mtengo uja muuiwale." Sindinawakwiyire, nanenso ndikanatero. Yachiwiri anaitenga wina wobwera ndi ndalama m'manja, ine ndikudikirabe yankho la banki.

Vuto linali langa, ndinkatchula mtengo ndisanakonzeke. Ndiye ndinayamba ndatenga kalata ya banki yosonyeza ndalama zimene angandibwereke. Kenako ndinadikira Januwale, mwezi umene fizi ya ana ndi feteleza wobereketsa zimafinya anthu, ogula n'kuchepa. Komanso mvula imaulula zambiri. Ndinakaona nyumba ina mvula ikukhuthuka, ndinapeza denga likudontha pakona ya pabalaza, beseni atalitchera pansi litatsala pang'ono kudzaza. Apo ndinapezerapo potsitsira mtengo.

Tsiku lomwelo ndinalemba kalata ya mtengo wanga, ya masiku 14 okha. Ndinanenamo kuti ndilipira pokhapokha ku ofesi ya za malo akatsimikiza kuti chikalata cha umwini chili m'dzina la eni nyumbayo ndipo sichinaikidwe chikole kubanki. Dipoziti ndinasiya kwa loya, osati kwa ejenti. Mayi eni nyumba anasaina patatha masiku 9, ndipo denga ndinakonzetsa mu Epulo mvula itakata.